Mwala wa m'galimoto ya Che Twaibu

Loweruka lapitali ndinakwera mapiri a Chikala nditafukata mwala pamiyendo ngati khanda. Musayambe kuseka, dikirani ndikufotokozereni.

Mnzanga Amidu, telala wa pamsika wa Balaka, wapeza mkazi woti amange naye banja. Dzina lake ndi Patuma, kwawo ndi mudzi wina wa pamwamba penipeni pa mapiri aja, m'boma la Machinga. Ankhoswe anapita kale kukagogoda, koma amalume ake a Patuma anabweza mawu akuti: "Mwamunayo abwere ndidzamuone ndi maso angawa. Ndikakhutira, tiika tsiku." Ndiye ife tinali operekeza munthu wokaonekera. Amidu ali ndi zaka makumi anayi, ndipo tonse tinali titataya kale mtima kuti basi adzakalamba ali batchala. Akanakanidwa kuphiriko, sindikhulupirira kuti akanayesanso kwina. Sabata yonse anali pamakina kusoka mkanjo wake woyera, kusoka n'kuphwasula, kusoka n'kuphwasula.

Galimoto inali ya Che Twaibu, mnzathu amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Galimoto yabwino ndithu, wailesi yake imamveka mpaka kuseri kwa msika. Chilema chake n'chimodzi chokha: handibuleki inaduka zaka zitatu zapitazo.

Nanga handibuleki ndi yantchito yanji ku Balaka? Kwathu kuja n'kwathyathyathya. Galimoto ukaisiya pansi pa mlambe m'mawa, madzulo ukaipeza pomwepo, ngakhale usaisiye m'giya. Che Twaibu amangozimitsa injini, kutuluka, n'kumapita.

Titawoloka mlatho wa pa Liwonde ndinafunsa kuti, "Che Twaibu, nanga kumapiriko tikatani?"

"Aaa, inu olemba nkhani mumadandaula zambiri," anatero. Anaima m'mbali mwa msewu, n'kutola mwala waukulu ngati dzungu, n'kundikhazika nawo pamiyendo. "Handibuleki ndi imeneyi. Woyang'anira ndinu."

Amidu sitinamupatse ntchito. Anakhala kumbuyo ali neng'a, mkanjo mbuu, mzuli kumutu, shuga wa apongozi ali m'manja.

Tinasiya tala tisanafike pa Ntaja n'kulowa msewu wafumbi wolunjika kuphiri. Abale, ife anthu akuchigwa tikakwera phiri timasanduka ana. Makutu anga anatseka, ndinayesa ndagontha. Amidu naye akuti ake atseka, ndiye tinayamba kukuwirana ngati tili kuchigayo. Nkhungu italowa pazenera, Che Twaibu anatulutsa dzanja kuti aigwire. "Mtambo! Amwene, ndagwira mtambo!" Munthu wa ana asanu ameneyo. Titayang'ana kumunsi, nyanja ya Chilwa inkaoneka ngati beseni lamadzi loiwalika pabwalo, ndipo tinakangana kwa nthawi ndithu kuti kwathu kuli mbali iti.

Kuzizira ndiye musanene. Munthu wa ku Balaka juzi angaidziwire kuti? Palibe anatenga. Che Twaibu anadzikulunga m'khosi kansanza kopukutira galimoto, mano akugundana, koma nyimbo osasiya.

Tsono ntchito yanga inali iyi. Pamtunda uliwonse wovuta injini inkazima. Che Twaibu ankaponda buleki, koma kuti anyamukenso ankayenera kuchotsa phazi pabulekipo n'kuliika pamafuta, ndipo m'kanthawi kameneko galimoto inkabwerera m'mbuyo. Ndiye ankakuwa kuti, "Mwala!" Ine tulukeni, mwala kuseri kwa tayala. Ikanyamuka, ine kutola mwala uja, kuithamangira, n'kudziponyamo ikuyenda. Titafika kachisanu ndi chiwiri ndinasiya kuwerenga.

Amayi ena otsika ndi nthochi pamutu anaima n'kugwira pakamwa. Mmodzi anafuula kuti, "Akuluwa akuithamangitsa ndi mwala! Yawalakwira chiyani galimotoyo?"

Tinaseka mpaka misozi. Ndikunena zoona, papita zaka ndisanasangalale chonchija. Mpweya unali utandithera, koma mumtima ndinkadziona ngati katswiri.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Nyumba ya amalume ili pakamtunda, bwalo lake ndi lotsetsereka, kumunsi kuli khola la mbuzi, ndipo kuseri kwa kholalo ndi phompho. Che Twaibu anazimitsa injini n'kutuluka monga amachitira kwathu. Ine ndinafuna ulemu. Ungafike kwa apongozi a mnzako utanyamula mwala? Ndinausiya pampando.

Anatiyalira mphasa, tinavula nsapato, tinakhala. Moni wa kwathu kuno mukuudziwa: wamkulu amalonjera mlendo aliyense payekhapayekha, kufunsa za kunyumba, za ana, za mvula. Amalume, mkulu wamtali wa ndevu zoyera, anayamba ndi Che Twaibu, kenako anafika pa ine. Ali mkati mondifunsa za kunyumba, diso langa linaona galimoto ikusuntha. Pang'onopang'ono, chambuyo, kulunjika kukhola.

Ndinatani? Ndinayankha moni. Eee, ndikuvomera pamaso panu. "Kunyumba tasiya kuli bwino, kaya kuno?" Munthu wamkulu akulankhula ungamudule bwanji pakamwa? Ndinkati amalize kaye za anawo, kenako ndipemphe mwaulemu kuti ndidzuke.

Amene anadumpha ndi Amidu. Shuga uko, mzuli uko, anazula mwala wa m'mphepete mwa bwalo n'kudzigwetsa nawo m'matope kuseri kwa tayala. Galimoto inagunda mwalawo, gu! n'kuima, patatsala mkono umodzi kuti igumule khola. Mbuzi zinalira, amayi a pamudzipo anaimba nthungululu, Patuma amene ankasuzumira pakhomo la khitchini anadziphimba kumaso ndi chitenje. Mkanjo uja unali ngati wa munthu woumba njerwa.

Che Twaibu anandigunyuza n'kunong'ona kuti, "Ukwati watheka uwu. Mkamwini wotere angamukane ndani?" Ine ndinavomereza ndi mutu, mano onse pamtunda.

Amalume sanaseke. Anayamba amaliza moni wanga uja, osadumpha ngakhale mvula. Kenako analonjera Amidu, matope ali chuchuchu. Atatha anati:

"Bambo, kuthamanga mumatha, ndaona. Koma ndifunseko. Ponyamuka ku Balaka munkadziwa kuti galimotoyi siima yokha?"

"Tinkadziwa," anayankha Amidu.

"Chinaduka liti chogwiriracho?"

Che Twaibu analowererapo. "Papita zaka zitatu, koma imayenda bwinobwino, imangofuna..."

"Iyayi, sindikufunsa inu." Amalume anatembenukiranso kwa Amidu. "Ndiye munakwera mukudziwa, n'kubwera nayo mpaka kuphiri kuno. Nanga denga likadzayamba kudontha pamutu pa mphwangayu, mudzatsindikapo mwala? Akadzayamba kutsokomola, mudzati tiyeni tizionabe?"

Chimwemwe chonse chija chinauma. Ndinamumvera chisoni Amidu, ndipo manyazi anandigwira koopsa, chifukwa mwala uja wonyamula ndinali ine, wouiwala dala ndinalinso ine.

"Sindinakane," anatero amalume. "Sindinalolenso. Pitani mukakonze."

Potsika munalibe nyimbo m'galimotomo. Tinayenda mu giya wani, mwala uli pamiyendo panga, Amidu akungoyang'ana kunja.

Tsono tiyeni tikambirane, owerenga anzanga. Ndani mwa ife alibe mwala wake? Chitseko chimene timatsekera ndi mpando. Mpopi womanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Mawaya amagetsi okulunga ndi jumbo. Dzino lobowoka limene timangotafunira mbali inayo. Ndipo sitichita nazo manyazi, timanyadira. Mlendo akalephera kutsegula chitseko timaseka n'kunena kuti, "Chimafuna mwini wake chimenecho."

Mwina muti ndi umphawi. Nthawi zina inde, sindikukana. Koma Che Twaibu asintha masipika a wailesi kawiri m'zaka zitatu zomwezi.

Chimene ndaona ine n'chakuti timakonda munthu wopulumutsa kuposa munthu wokonza. Wodzigwetsa m'matope timamuimbira nthungululu. Woti wakonza chinthu chisanavute palibe amamudziwa n'komwe, chifukwa palibe nkhani yoti tikasimbe pabawo. N'chimodzimodzi ndi timilatho ta m'midzi mwathu: thabwa likathyoka timaphunzitsana poponda, mpaka tsiku limene wakabaza adzagweramo ndi mayi wapakati. Mjigo ukayamba kulira timangoti upope chonchi, osati chonchi. Tonse timakhala tikudziwa, monga tinkadziwira atatufe ponyamuka.

Lolemba m'mawa Amidu sanatsegule shopu. Anakagogoda kwa Che Twaibu n'kuwakoka mpaka kwa makaniko, ine ndikutsatira ngati mboni. Tinaitanitsa tiyi pakanyumba koyandikana ndi galajayo. Makaniko analowa kunsi kwa galimoto, anasolola waya woduka, analowetsa wina. Potuluka, tiyi wathu anali asanazizire.

Zaka zitatu, abale!

Amidu anaimbira foni Patuma kuti akauze amalume. Tinadikira pagalaja pomwepo, Amidu akungozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Foni italira anaiika pokweza kuti tonse timve. Patuma anati, "Akuti mubwere ndi ankhoswe anu. Koma akuti galimotoyo mudzaiimike pomwe paja, ndipo pabwalo achotsapo miyala yonse."

Amidu anavina pakati pa msewu, telala wamkulu ndi ndevu zake, mpaka akabaza anaima kumuonerera. Che Twaibu anakhala m'galimoto n'kumakoka handibuleki, kutsitsa, kukokanso, akumwetulira ngati agula yatsopano.

Mnzanga Amidu anachita mwayi, anakumana ndi munthu womufunsa funso khola lisanagumuke. Nanga inu, chija mukudziwa kuti chinaduka kalekale kunyumba kwanuko, mukudikira amalume a ndani kuti adzakufunseni?