Sabata Yosaperekedwa Imapsa

Nkhani iyi sindinaiuzepo munthu, ngakhale abusa athu. Anthu akandifunsa za ku Dubai ndimawauza za nyumba zoboola mitambo ndi sitima yoyenda yopanda dalaivala, iwo n'kupukusa mitu, n'kubalalika. Zenizeni ndazisunga, chifukwa kuzinena kumafuna kuti nditchule Nambewe, mkazi wanga, ndiponso tsiku limene ndinabwerera ndisakudziwa ngati kumudzi kuja ndikadali ndi malo.

Ndinachoka chifukwa cha mawu ochepa. Ndinakwatira ku Ntcheu, kwawo kwa Nambewe, ndipo ndinakhala mkamwini mpaka imvi zinayamba. Munda umene ndinkalima unali wa mbumba yawo, nyumba imene ndinamanga inali pa dothi lawo. Palibe amene ankandizunza. Koma tsiku lina pokambirana za malire a dimba, alamu anga a Lufeyo, omwe ndi mwinimbumba, anandiuza moseka kuti, "Alamu, inu taimani kaye, eni ake tilankhule." Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma mawu aja anandiima pakhosi. Ndinafuna kukhala mwini wa kanthu ndisanafe.

Kuwerenga ndinaphunzira ku sukulu ya kwacha ana anga atakula kale, ndipo kachizungu kochepa ndinakatola posesa pa malo ogona alendo pa boma. Nditamva kuti kukufunika anthu a ntchito za m'mahotela kunja, ndinagulitsa njinga ndi mbuzi n'kulembetsa. Nambewe anangoti, "Pa msinkhu umenewu, aNgozo?" Kenaka anatenga zovala zanga n'kupita nazo ku mjigo.

Anandiika pa nyumba ina yaitali ku Business Bay, ya zipinda zokhala ndi khitchini ndi pabalaza pake. Ntchito yanga inali kukankha ngolo ya nsalu zapabedi ndi matawulo, ndi kunyamula zikwama za alendo. Kugona ndinkagona ku Deira, m'chipinda cha mabedi osanjikiza, pamodzi ndi anyamata a ku Nepal ndi ku Uganda amene ankanditcha "ankolo". Mmawa wina nyengo yozizira ndinakwera chikepe mpaka pamwamba penipeni, n'kusuzumira pa zenera. Nkhungu inali pansi panga. Nsonga za nyumba zinkatuluka m'nkhungumo ngati zulu m'dambo. Ndinavula chipewa cha ntchito osadziwa chifukwa chake.

Koma chimene chinandizunguza mutu kwambiri si kutalika kwa nyumba. Pa khadi la mlendo ankalemba mawu achizungu akuti "owner", ndiye kuti mwini. Ine pokhala wowerenga pang'onopang'ono, ndikawerenga chinthu sindichiiwala. Loweruka lina m'chipinda chapangodya munalowa banja la Amwenye, mwini. Loweruka linalo anatuluka, munalowa mayi wa ku Russia ndi ana ake, mwini. Kenaka mzungu wokalamba ndi mkazi wake, mwininso. Ndinasinkhasinkha mpaka ndinapeza yankho langa: kunali munthu wolemera amene anakwatira m'mayiko ambiri, wamwalira, ndipo anawa akusinthana chuma cha masiye.

Ndinakauza Misozi, mayi wa ku Chipata amene ankalandira alendo pa desiki. Anaseka mpaka anagwira pamimba.

"Ba Ngozo, imwe! Bambo mmodzi abale Mmwenye na mzungu? Manje mverani. Aba sanagule chipinda. Anagula nthawi."

"Nthawi ili ndi wogulitsa?"

"Kuno chilichonse chili na wogulitsa, atate."

Anandifotokozera pa nthawi ya tiyi, ndipo ine ndinakumvetsa poganiza za ng'ombe ya pa Khirisimasi, imene anthu amasonkherana n'kugawana. Chaka cha chipinda chimodzi amachidula m'masabata, munthu n'kugula sabata imodzi, yake chaka chilichonse. Wina amapeza ntchafu, wina mapazi. Sabata ya Disembala ku Dubai, kunja kukuomba kamphepo, ndi ntchafu. Sabata ya Ogasiti, dzuwa likupsereza ngakhale mthunzi, ndi mapazi. Abwere asabwere, chaka ndi chaka mwini amalipira yosamalira malowo. Ambiri masiku ano sagula sabata yodziwika, amagula mapointi, ndipo usiku uliwonse m'chipinda uli ndi mtengo wake wa mapointi malinga ndi nyengo ndi kukula kwa chipindacho.

"Ndiye onsewa ndi eni ake a kuno?" ndinafunsa.

"Iyai, ena chabe. Ambiri ni osinthana."

Apa m'pamene ndinaika kapu pansi. Munthu ali ndi sabata yake kumapiri a ku Ulaya, koma chaka chino sakufuna kupitako. Amaipereka ku kampani imene imasonkhanitsa masabata a m'mayiko ambiri ngati chimanga m'nkhokwe. Kampaniyo imaiyeza: ndi ya nyengo yanji, chipinda n'chachikulu bwanji, anthu amakufuna bwanji kumeneko, ndipo waipereka msanga kapena mochedwa. Yoperekedwa msanga imalemera. Akatero munthu uja amalipira kangachepe n'kusankha sabata ya munthu wina yolingana ndi kulemera kwa yake, kaya ku Dubai, kaya kunyanja ya dziko lina. Malo akasowa amadikira. Akhozanso kulembetsa m'bale wake kuti akagone m'malo mwake.

"Nanga akapanda kupita, osaperekanso?"

"Imapsa. Khalas, monga amanenera Aluya, zatha basi. Chipinda chigona cheka, ndalama yapita. Ndiye timawaimbira foni kuti, bwana, perekani sabata yanu isanapse."

Tsiku langa lopuma ndinakwera abra, kabwato kowolotsa anthu pa mtsinje wa ku Deira. Ndinkaganiza za anthu osadziwana, osamvana chinenero, wina akutuluka pa bedi wina akulowa, dziko lonse lapansi likusinthana zogona popanda kukangana. Ndinkaona ngati ndasuzumira m'kati mwa wotchi yaikulu.

Mlendo wina ndimamukumbukira bwino. Anali wamsinkhu wanga, wochokera ku dziko lozizira la chipale chofewa, ndipo anandiuza kuti moyo wake wonse ankayendetsa basi. Dalaivala wamba, akumwa tiyi pa khonde la m'mitambo! Ndinalimba mtima n'kumufunsa kuti pa bedi lake kwawoko pagona ndani sabata ino.

"Sindikudziwa," anatero. "Mwina munthu wonenepa wa ku Brazil. Ndikhulupirira anatenga masokosi."

"Simukuda nkhawa?"

"Nanga ine ndagona pa sabata ya ndani? Nayenso sakundidziwa."

Zonsezi ndinkazisirira ngati nzeru za azungu, zosakhudzana ndi ine. Maganizo anga anali pa nyumba. Malipiro sanali aakulu monga ankaganizira anthu kumudzi, koma ndinkadya mpunga ndi mphodza, n'kumatumiza zotsala. Ndinagula puloti pa boma, kuseri kwa chipatala, m'dzina langa. Mmisiri ankanditumizira zithunzi: maziko, zipupa, malata. Ndikasungulumwa, ndipo ndinkasungulumwa kwambiri, makamaka Lamlungu anyamata aja akamaimbira akazi awo m'zinenero zawo, ndinkatsegula zithunzi za malata aja n'kumaziyang'ana. Nditapita ku tchuthi ndinagula loko wamkulu, n'kutseka ndekha, makiyi n'kubwerera nawo ku Dubai.

Nambewe sankadziwa kulemba, choncho ankanditumizira mawu ojambula pa foni ya mwana wathu wamkazi, Esinati. Kangapo konse anati, "ANgozo, nyumba siikhala yopanda utsi. Tiloleni tilowe, kapena muikemo munthu." Ine ndinkayankha kuti, "Dikirani, tidzatsegulira limodzi." Ndinkafuna alamu anga adzaime pabwalo, ine ndikutembenuza kiyi.

Kenaka mauthenga anayamba kunena za miyendo yotupa ndi kubanika. Ndinatumiza ndalama za mankhwala, n'kumaganiza kuti ndachita mbali yanga. Nambewe anamwalira nyengo imene alendo amadzaza nyumba yonse. Pamene tchuthi ndi tikiti zinkatheka n'kuti ataikidwa kale. Mwambo wa maliro ndinauonera pa foni, nditakhala pa mulu wa matawulo m'chipinda chosungira nsalu. Misozi anandipeza momwemo, anatseka chitseko, n'kukakankha yekha ngolo yanga tsiku lonse.

Sindinabwerere msanga, ndipo chifukwa chake chinali mantha. Kwathu mkazi akamwalira, achibale ake amamusudzula mkamwini, kumumasula kuti azipita kwawo. Ine kwathu ku Dedza ndinachokako ndili mnyamata, ondidziwa onse anatha. Ndinkaona kuti pokhala kutali, mawu ondisudzula sanganenedwe. Ndinakhalabe mpaka msinkhu unandikwana, ntchito n'kutha.

Nditatsika basi pa boma ndinayamba kupita ku nyumba yanga. Loko anali atachita dzimbiri, anatseguka ndi mafuta a njinga. M'katimo munali fungo la mileme. Chiswe chinali chitadya mafelemu a zitseko, kusiya utoto wokha. Ndinakumbukira zipinda zija za ku Business Bay zimene sizinkagona zokha, mmene zinkawalira. Ndinatsekanso n'kukwera kabaza wa kumudzi.

Esinati anandilandira zikwama mwaulemu, koma maso ake sanakumane ndi anga. M'nyumba yanga yakale ndinapeza malaya a munthu wina pa chingwe. Masana amenewo tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine, alamu anga a Lufeyo ndi Esinati, ndipo ndinafunsa za malayawo.

"Ndi a aphunzitsi," anatero a Lufeyo. "Chichokereni inu, bedi lanu silinazizirepo. Panagona alangizi a zaumoyo, panagona alendo a pamaliro, pano aphunzitsi. Mdzukulu wanu akuphunzira ku Zomba, mukuganiza akugona kuti? Kwa makolo a aphunzitsi omwewa."

Ndinayamba kuwafotokozera za masabata ndi mapointi, za nkhokwe ya dziko lonse, mwina pofuna kuonetsa kuti sindinapite pachabe. A Lufeyo anamvetsera mpaka kumapeto, akusenda nzimbe.

"Ndiye mukuti azunguwo amalipira ndalama kuti achite zimenezi? Alamu, munakwereranji ndege? Mukanangofunsa mlongo wanga uja."

Anaseka, koma Esinati sanaseke. Analankhula motsitsa, akuyang'ana pansi.

"Bambo, amayi atawatulutsa m'chipatala anawauza kuti azibwera mmawa uliwonse kudzabayitsa. Kuno n'kutali, sakanatha. Tinkagona pa shedi ya odikira odwala, pa simenti. Tikapita kotunga madzi tinkaona malata anu."

Ndinangokwanitsa kufunsa kuti analekeranji kuthyola loko.

"Ine ndinabwereka hamala. Amayi anandiletsa. Anati, abambo ako anati tidzatsegulira limodzi."

Nkhuku zinkatola makoko a nzimbe pafupi ndi mapazi athu. Ndinaona kuti palibenso chobisalira, ndipo ndinafunsa funso limene linandisunga kunja zaka zonse zija.

"Alamu, mundisudzula liti?"

A Lufeyo anapukuta mpeni pa buluku. "Timasudzula munthu amene takhala naye mpaka tamudziwa. Inu tikadakudikirani kuti mufike. Koma nyumbayi ndi ya mwana wanuyu tsopano, funsani iyeyu."

Esinati anaimirira n'kukutumula chitenje. Ndinaganiza kuti akuchoka osayankha. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Aphunzitsi sitingawachotse m'chipinda, temu siinathe. Inu muzigona pabalaza. Mphasa ilipo."

Ndagonapo pa matiresi a m'hotela pamene tinkawayesa, ofewa ngati thovu, koma palibe malo amene ndinawalandira ndi manja awiri ngati mphasa imeneyo. Ndinadabwa ndi nyumba zoboola mitambo, ndinadabwa ndi anthu ogula nthawi, koma sizinafike pa kudabwa kwa tsiku limenelo: kuti mudzi umene ndinauthawa chifukwa sindinali mwini wa kanthu unali ukundisungirabe pogona, ine nditawatsekera khomo.

Kutacha ndinabwereka njinga ya aphunzitsi n'kupalasa mpaka pa boma. Ndinapita pa shedi ya odikira odwala, pamene amayi ankakoleza moto pa mafuwa, ena akupinda zitenje zimene anagonera. Ndinavula chipewa, ndinapereka moni, makiyi a nyumba ija ali m'manja, ndipo ndinafunsa kuti mwa iwo ndani wachokera kutali kuposa onse.