Mabotolo a Mzungu pa Nsanja ya Adada

Pa zaka zimene ndinagwira ntchito ku nyuzipepala, nkhani imodzi inkabwera pa desiki langa mobwerezabwereza: vinyo wofiira wa ku Faransa wagulitsidwanso pa okushoni ku Ulaya, ndipo mtengo wakweranso. Botolo limodzi lokalamba bwino, ati, likuposa galimoto. Anzanga ankaseka. Ine sindinasekepo, chifukwa mabotolo otero ndinagona nawo pa khomo limodzi.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 adada anali kapitawo wa amtengatenga a mzungu wina wosaka nyama m'chigwa cha Luangwa, kufupi ndi Chikwa. Mzunguyo ataitanidwa kwawo mwadzidzidzi, anasiya bokosi la vinyo. Analikwirira yekha m'dzenje kuseri kwa nyumba yathu. Anati vinyo ameneyu si mowa wa masese: amakoma pokalamba, ndipo chaka chilichonse mtengo wake umakwera. "Undisungire. Ndikabwera ndidzakupatsa mfuti, ndi chilolezo chake chomwe."

Mfutiyo ndiyo inali nkhani. Njovu zinkatidyera chimanga chaka ndi chaka, ndipo chida chathu chinali chitini ndi kamtengo kochimenyera.

Patadutsa nyengo ziwiri za mvula, adada anafukula kuti aone. Chiswe chinali chitadya bokosi lonse, mabotolo ali m'matope. Iwo anali mkulu wa mpingo, mowa sanaulawepo, koma ankadziwa kumene chinthu chofunika chimasungidwa kuti chione chaka china: pa nsanja ya pamwamba pa moto, pamene timaika chimanga cha mbewu kuti utsi uthamangitse anankafumbwe. Anawatsuka mabotolo aja, n'kuwaimika pamenepo, kukamwa kuloza kudenga kuti kanthu kasatayike.

Kenaka mudzi unatopa ndi njovu. Anthu anayamba kusamukira cha ku Kambombo, kumene minda yatsopano inkagawidwa. Amama anamanga mitolo yawo, adada anakana.

"Imwe, anzathu onse apita. Tikulonda chiyani pano?"

"Bwana akabwera adzatipeza kuti?"

"Adzafunsa. Mabotolo alibe miyendo, koma ine mutu ndili nawo. Ndisenza."

"Anati pano."

"Ndiye muwakwatire manje mabotolowo. Mwina adzakuphikirani."

Tinatsala mabanja ochepa, ndipo njovu zimene zinkagawana minda ya mudzi wonse zinatsala ndi yathu yokha.

Mzungu anabweradi, chakumapeto kwa zaka zomwezo, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinali nditamaliza sukulu, choncho ndinaima pakati kumasulira. Anali wokondwa. Anati kwawo anthu ayamba kale kulimbirana vinyo wa chaka chimene wake uja anapangidwa, ndipo analunjika kudzenje kuja. Adada anamukodola, n'kumulowetsa m'kanyumba kophikira, chifuwa chili patsogolo.

Mabotolo anali bii ndi mwaye. Mapepala ake anathothoka kalekale. Mzungu ananyamula limodzi kuloza kudzuwa: vinyo anali atatsika kupitirira phewa la botolo. Chotsekera chinafumbutuka m'zala mwake. Zimene anathira m'kapu zinali zofiirira ngati madzi a m'dambo. Ananunkhiza, analawa, analavulira pansi pafupi ndi phazi la adada.

Zoona zake ndinazidziwa pambuyo pake, ndipo n'zochepa. Vinyo wotero amafuna malo ozizira ndi amdima. Botolo limagonekedwa cham'mbali kuti chotsekera chake, chomwe ndi khungwa la mtengo, chizikhala chonyowa. Chikauma, mpweya umalowa ndipo vinyo amasasa. Ndi mawu otha kunenedwa munthu akumanga nsapato. Mzunguyo sananene ngakhale limodzi. Ndipo kaya dzenje lake lomwelo likanapirira kutentha kwa chigwa chathu, ndikukayika mpaka lero.

"Akuti chiyani?" anafunsa adada.

"Akuti mwamuphika."

"Umuuze kuti palibe lasowa. Ngakhale dontho sindinakhudze."

Ndinamuuza. Mzunguyo anayankha kuti bola adada akanamwa.

Adada anapukuta mwaye m'manja. "Umufunse za mfuti, mwanawe."

Ndinafunsa. Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chisenga cha kwathu, osati Chizungu. Kenaka anaseka, kuseka kwa munthu wopsa mtima, nati zimene zawonongeka pansanjapo zikanagula mfuti za mudzi wonse, ndipo munthu wosatha kusunga botolo sangapatsidwe chida. Ndinamasulira zonse, liwu ndi liwu. Amama anali pakhomo, ndipo sanafune womasulira.

Galimoto ya mzungu inanyamuka madzulo asanafike. Mabotolo anawasiya.

Tinasamuka titakolola, ngati kutola zotsala za njovu kungatchedwe kukolola. Ku Kambombo minda ya nthaka yabwino inali itatha kugawidwa zaka zapitazo. Ife tinapatsidwa kamtunda ka miyala, ndipo adada analima pamenepo mpaka imfa yawo, osatchulanso mfuti.

Vinyo yense amama anamukhuthulira kudzala tisananyamuke. Mabotolo anawatsuka ndi mchenga, poti botolo ndi botolo: lina la parafini, lina la mchere, lina la mafuta. Anawaika m'dengu, n'kuwasenza pamutu ulendo wonse, monga ananenera poyamba paja. Anangoyenda patsogolo pa adada, mabotolo akugundana njira yonse.