Ndinavomera Zonse Zimene Kompyuta Inafunsa

Mundikhululukire, owerenga, kuti munthu wophunzira sukulu ya kumudzi ngati ine ndikuyankhulapo za makompyuta. Ndangouzidwa kuti danga ili ndi langa sabata iliyonse, ndipo sindinathe kukana.

Ndimaphunzira ntchito kwa a Tembo, mphunzitsi wopuma pantchito amene amalemba mapulogalamu a masukulu kuno ku Chipata. Lolemba anandipatsa disiketi, kachimbale kosungira zinthu za pakompyuta, imene inabwera ndi dalaivala wa lole kudzera pamalire a dziko pa Mwami. Munali kapulogalamu kolembedwa ndi anthu ena, koti tikakalowetsa m'pulogalamu yathu, malipoti a ana azituluka ndi mizere yowongoka. Sukulu ina ya ku Nabvutika inkatseka Lachisanu, ndipo malipoti ake anali m'manja mwathu.

"Ukalowetse, uyankhe zimene kakufunse," anatero a Tembo, n'kupita kumaliro.

Kanafunsadi. Kodi kakhale m'malo amene kasankha kokha? Ndinati inde. Kodi kasinthe makonzedwe a pulinta? Inde. Kodi kachotse mafayilo akale amene akufanana mayina ndi ake? Apa ndinaima pang'ono. Koma kanafunsa mwaulemu, komanso m'Chingerezi. Ndinati inde.

Pulogalamu ya a Tembo sinatsegukenso. Mafayilo aja anali ake, ndipo mayina ndi zotsatira za ana zinapita nawo.

A Tembo atabwera kuchokera kumaliro anayang'ana galasi la kompyuta.

"Iwe Yotamu, kanakukakamiza?"

"Ayi, bambo. Kanangopempha."

"Kakanapempha nsapato zako?"

Ndikanakapatsa, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Kwathu mwana wabwino ndi amene satsutsa. Mlendo akafuna mpando wako umanyamuka. Timakula nazo zimenezi mpaka kumisonkhano, kumene munthu wa galimoto amatifunsa ngati tamva, ife n'kuyankha limodzi kuti tamva. Ndi angati mwa inu anasainapo pepala asanaliwerenge, poopa kuchedwetsa mwini cholembera? Munthu mnzako mwina amaona nkhope yako n'kubwereza funso. Kompyuta imangokhulupirira.

A Tembo anali ndi madisiketi osungira, koma a mwezi watha. Mayina ndi zotsatira za makalasi awiri ndinazilembanso ndekha, masiku atatu. Anandiuza kuti malipoti akachedwa, ndikafotokoze ndekha kwa makolo, kenako ndibwerere kumudzi kukalima mtedza.

Polowetsanso kapulogalamuko anaima kumbuyo kwanga. Funso la mafayilo litafika, chala changa chinalunjikanso pa inde.

"Kakane, kalibe abale," anatero.

Ndinakana. Palibe amene anakwiya. Malipoti anatuluka Lachinayi, nthawi ya folo koloko masana.