Dzina Langa pa Mndandanda wa Bodi

Ndinaganiza zochoka tsiku la chinkhoswe cha Chisomo. Tinakhala naye nyumba imodzi ku Zomba zaka zitatu, tonse aphunzitsi a sekondale, ndipo anthu ankati tikungothandizana lendi. Zoona zake n'zakuti ndinkamukonda, iyenso ankandikonda, koma kwawo anamupanikiza mpaka anavomera mwamuna wa ku Liwonde. Pa chinkhoswepo wogawa mbale ndinali ine. Lolemba lake ndinadzaza mafomu a sikolashipi ya ku Ireland.

Achimwene anga aakulu, a Lameki, ndiwo anandiperekeza ku Chileka. "Iwe Tadala, ukabwere ndi digiri komanso mwamuna. Zaka zikupita," anatero. Ndinaseka nawo.

Ku Dublin ndinapeza kachipinda ku Drumcondra. M'nyengo yozizira kunkada 4 koloko itangodutsa, ndipo ndinkatha Loweruka lonse osatsegula pakamwa, kupatula kuthokoza dalaivala wa basi. Amalawi anzanga anandilandira bwino, anandiika pa gulupu ya pafoni, n'kundilowetsa kwaya. Koma tikangokhala pansi, funso linali lomwe lija: "Nanga bambo akunyumba munawasiya kuti?"

Senta ya anthu okonda amuna kapena akazi anzawo ndinkaidutsa popita kusukulu, ili ndi mbendera ya utawaleza pawindo. Ndinaidutsa miyezi inayi ndisanalowe. Anandilandira ndi a Declan, bambo wa imvi amene anali wapampando wa bodi yoyendetsa sentayo. Anandipatsa tiyi, sanandifunse kalikonse. Ndinayamba kuthandiza kukonza mipando ndi kutsuka makapu. Nditamaliza sukulu n'kupeza ntchito yosamalira okalamba ku Dún Laoghaire, anandipempha kuti ndilowe m'bodi.

Tinalipo anthu seveni, tonse ongodzipereka, popanda malipiro. Tinkakumana kamodzi pamwezi n'kumakambirana za hita yotenthetsa m'nyumba imene inawonongeka, za inshuwalansi, za amene azisunga makiyi. Wakuda ndinalipo ndekha.

Nthawi imeneyo ndinadziwana ndi Mwila, mtsikana wa ku Lusaka amene ankadikira yankho la pempho lake lokhala m'dzikolo ngati wothawa kwawo. Ankakhala ku hositelo kunja kwa mzinda, anthu anayi chipinda chimodzi, ndipo kumeneko sakanayerekeza kunena chimene iye ali. Gulu la pa senta la ife ochokera kunja linkakumana Lachinayi madzulo, koma basi yomaliza ya ku hositeloko inkanyamuka gululo lisanayambe n'komwe. Nkhaniyi ndinaibweretsa ku bodi kawiri, ndipo kawiri konse inaikidwa kumapeto, nthawi n'kutha tisanaifike. Wokonza ajenda anali wapampando.

A Declan atatopa, anandiuza kuti ndiime ine pa mpando wawowo. Anandichenjezanso kuti senta ikusintha ndondomeko yake, dzina ndi chithunzi cha wapampando zizikhala pa tsamba loyamba la pa intaneti. Ndinaganiza masabata awiri. Ndinkatsegula nambala ya amayi n'kuitsekanso. Kenako ndinavomera.

Pa miting'i yanga yoyamba nkhani ya Mwila, yoti gululo lizikumana Loweruka masana, ndinaiika pamwamba. Ena anati Loweruka palibe wotsegula senta. Ndinati ndizitsegula ine. Tinapambana ndi voti imodzi. Loweruka loyamba Mwila anafika ndi anzake awiri, n'kundikumbatira pakhomo. "Ba tcheya, mwaticita bwino maningi," anatero m'Chinyanja chakwawo. Ndi iye yekha amene ndinkatha kulankhula naye zonse m'chilankhulo changa. Anabwera Maloweruka sikisi, kenako anamusamutsira ku hositelo ina kutali kumadzulo kwa dzikolo. Gululo linapitirira ndipo linakula, koma Chinyanja chinatha.

Amalawi anzanga analipeza dzina langa pa intaneti mwezi usanathe chikhalireni pampando. Sindikudziwa amene analiona koyamba. Pa gulupu ya Amalawi ndikalemba moni, pankangoti zii. Mtsogoleri wa kwaya anandiimbira: "Sisita, mupume kaye pang'ono, ife tikupemphererani." Kumudzi nkhani inafika sabata yomweyo. A Lameki anasiya kuyankha mafoni anga. Ndikatumiza thandizo la amayi, ankangolemba liwu limodzi: "Zafika." Amayi ankandiimbirabe, koma nkhani inali ya mvula ndi miyendo yawo, pomaliza n'kunena kuti ndizivala zotentha.

Ku senta ankandikonda, sindingawanamizire. Koma pa mwambo uliwonse ankandipempha kuti ndifotokoze kuwawa kokhala munthu ngati ine ku Malawi. Ndinkafotokoza, iwo n'kupukuta misozi, n'kuomba m'manja. Palibe anandifunsapo chimene ndimasowa kwathu. Ndikatseka senta Loweruka, nthawi zina ndinkakwera sitima mpaka ku Skerries, kukhala padoko kuonerera anthu oyenda ndi agalu awo, n'kubwerera.

Ndinapita kumudzi patatha zaka zisanu, amayi atachitidwa opaleshoni ya diso. M'ndege ndinkakonzekera mayankho, poganiza kuti akandikalipira. Palibe anandikalipira. A Lameki anandichingamira pageti nati, "Mwafika bwino, achemwali?" Chibadwire anali asananditchulepo "inu". Alamu anga anandigwadira pondipatsa madzi osamba m'manja, ndipo nditalowa kukhitchini anandibweza mwaulemu kuti ndikapume. Ana awo aakazi anawatumiza kukakhala kwa azakhali awo masabata onse atatu. Ndinali mlendo wolemekezeka m'nyumba imene ndinabadwira. Amayi ankangondigwira dzanja, diso lili ndi bandeji, n'kumati ndaonda.

Kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke, kunabwera amayi a mvano kudzazonda wodwala. Anaimba, anapemphera, ambiri osandiyang'ana. Pobalalika, mayi Kachingwe, amene anandiphunzitsa Sande sukulu, anati, "Tadala, tandiperekeza pa siteji, chikwamachi chikundilemera." Chikwamacho munali Baibulo ndi nsalu basi.

Tinayenda mpaka tinadutsa pachigayo. Kenako anaima.

"Zija tinamva zija n'zoona?"

"N'zoona, mayi."

"Eti ndiwe mkulu wa onse kumeneko?"

"Si onse ayi. Ndi kabungwe chabe."

Anayang'ana kumbuyo ngati kukubwera munthu. "Yohane wanga ali ku Blantyre. Zaka zinayi sanapondeko kunyumba. Bambo ake anamuthamangitsa atamupeza ndi mauthenga a mnyamata mnzake. Ine ndimakamuona mobisa, ndimanama kuti ndikupita kuchipatala." Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Kumeneko amayi a ana otere amatani? Amalankhula ndi ndani?"

Ndinawauza kuti ku senta kuli gulu la makolo, amakumana, amamwa tiyi, amauzana zimene zikuwavuta.

"Kuno tilipo atatu amene ndikuwadziwa," anatero. "Mu mvano momwemu. Aliyense amadziwa za mnzake, koma sitinatchulepo. Lero tonse timafuna kukufunsa, koma tinaopa." Anatsitsa mawu. "Amayi ako ndi achinayi. Chimvereni nkhani yako, amakhala benchi imodzi ndi ine. Sananenepo kanthu, amangobwera n'kukhala."

Zaka zonsezo ndinkaimirira pamaso pa azungu n'kumanena kuti kwathu kulibe aliyense wotimvetsa.

Minibasi inatulukira pakona. Mayi Kachingwe anatulutsa kafoni kawo kamabatani n'kundipatsa kuti ndilembemo nambala yanga. Nditawabwezera anafufuta dzina langa, n'kulemba "Osoka zovala".

"Bambo ake a Yohane amaigwiragwira foniyi," anatero, n'kukwera.