Malo Opanda Mwini mu Kompyuta ya Mayi Zalakhumi

Dzina loti Zalakhumi analitengera ku ofesi ya kampani ya mabasi, kumene anatayipa makalata zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Ankatayipa ndi zala zonse, maso ali pazenera, pakamwa akuyankha moni wa odutsa, koma osaphonya chilembo n'chimodzi chomwe. Makompyuta atafika, anzawo awiri anapempha kuti akagulitse matikiti. Koma Mayi Zalakhumi anangokoka mpando n'kufunsa poyatsira.

Atapuma ntchito, pakhomo panawakanika. Miyezi itatu isanathe anali ataokera maluwa onse kawiri, ndipo mwana wawo wamkazi anayamba kudandaula kuti amayi akumuyalira zovala m'kabati motsatira zilembo. Ndiye anapeza kachipinda m'mbali mwa msewu, pakati pa wometa ndi sitolo ya mankhwala, n'kuikamo tebulo, pulinta, sikana ndi benchi. Ankatayipira anthu makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati, ndi madandaulo a anthu ofuna kukalipa mwaulemu.

Kompyuta anawakonzera ndi mkamwini wawo, munthu wofatsa amene ntchito yake ndi yomweyo. Anaigawa mbali ziwiri, moti ukayatsa inkayamba yafunsa kuti ulowa ku Windows kapena ku Linux. Ku Windows n'kumene ankatayipira. Ku Linux kunali pulogalamu yochotsa madontho ndi makwinya pa zithunzi zakale, ndipo Mayi anaikonda koopsa. Chovuta chinali chakuti akakonza chithunzi uku, kuti chikalowe m'kalata uko, ankachikopera pa fulashi, kuzimitsa, kuyatsanso, n'kuchitsitsa. Wometa ankati akamva kanyimbo koyatsira kudzera pakhoma, amadziwa kuti Mayi awolokanso.

Lachitatu lina mvula inakakamira m'mawa wonse, benchi ili mbee. Posowa chochita, Mayi anayamba kutsegula malo a ku Windows amene anali asanatsegulepo, mpaka anatulukira pa tsamba loonetsa hadi disiki yonse ngati kamzere kodulidwa zigawo. Zonse zinali ndi mpendero wabuluu, kupatula chakumapeto. Icho chinali chakuda, ndipo panalembedwa kuti "180 GB Unallocated".

Anatulutsa dikishonale yawo yothothoka chikuto. Atapeza tanthauzo, anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwerenganso. Malo osagawidwa. Malo aakulu chonchi, mu kompyuta yawoyawo, ali phee chaka chathunthu, iwo akuvutika ndi kafulashi.

Anagogoda pakhoma. Wometa analowa lumo lili m'manja.

"Taonani apa, achimwene. Ndili ndi malo."

"Kuti? M'tauni momwe muno?"

"Momwe muno, pansi pa tebuloli."

Wometa anawerama n'kuyang'ana bokosi la kompyuta, kenako anayang'ana Mayi. "Mukamanga, ine mundisungireko kachipinda ka kumbuyo."

Anaimbira mkamwini. Iye anamvetsera mpaka amalize, n'kuvomera kuti malowo anawasiya dala, ankati adzawagawa, kenako anaiwala. Anati angathe kukhala nkhokwe yoti mbali zonse ziwiri ziziiona, fulashi n'kupuma.

"Ndibwera Loweruka, Amayi, ndidzakonze."

"Loweruka la chiyani, akamwini? Lero n'Lachitatu. Inu muzingonena, zala ndili nazo."

Kunamveka kupuma kwa munthu amene akudziwa kuti walephera kale. "Chabwino. Koma choyamba mukopere mafayilo onse pa disiki ija ili mu dilowa. Musanatero, sindinena kanthu."

Kukoperako kunatenga maola awiri. Mayi anasesa, anapukuta sikana yopukutapukuta kale, anakauza mayi wa mankhwala, amene anawayamikira ngakhale sanamve mutu wake. Tiyi anazizira pa tebulo. Kamzere kobiriwira koonetsa mmene kukoperako kukuyendera katafika kumapeto, foni inali kale kukhutu.

"Ndaonanso pena, akamwini," anatero mokondwa. "Chigawo chachitatuchi chilibe dzina, ndipo akuti mulibe kanthu. Tiphatikize?"

"Amayi, chotsani dzanja pa mausi." Aka kanali koyamba kumumva akulankhula mothamanga. "M'menemo ndi mmene muli Linux yanu ndi zithunzi zonse. Mbali inoyi siitha kuwerenga za mmenemo, n'chifukwa chake ikuti mulibe kanthu. Chathu ndi chakuda chokhacho."

Mayi anaika manja onse pamiyendo. Anakumbukira zithunzi za ukwati wawo zimene anakonza mwezi wathunthu, malemu amuna awo ataima chilili mu suti yobwereka.

"Mulipo, Amayi?"

"Ndikupuma. Tiyeni."

Kuyambira pamenepo ankawerenga mokweza chilichonse asanadine, monga ankachitira ndi makalata a bwana. Anadina chigawo chakuda ndi batani la kumanja la mausi, n'kusankha kupanga chigawo chatsopano. Pa kukula kwake, mkamwini anati atenge malo onse, koma iwo analemba nambala yocheperako.

"Ndisiyako pang'ono. Ndikadzafuna kubwereza, ndidzaphunzirira pati?"

Anasankha mtundu wa NTFS, umene mkamwini anati mbali zonse zimaumva. Pa chilembo chodziwira chigawocho, wometa, amene anali atabwerera ndi kasitomala wometedwa theka, anati aike Z, ya Zalakhumi. Pa dzina analemba okha kuti PAKATI. Kenako anadina batani lomaliza.

Sipanapite nthawi. Mpendero wakuda uja unasanduka wabuluu.

"Basi?" anafunsa Mayi, ngati awanyenga. "Maola awiri aja, ntchito yake n'kuphethira kumodzi?"

Anaponyamo chithunzi chimodzi, kuzimitsa, n'kuyatsa. Funso lija la mbali ziwiri linabwera monga mwa masiku onse, ndipo mkamwini anamveka akutulutsa mpweya. Analowa ku Linux, anatsegula mafayilo, ndipo pamndandanda wa kumanzere panali PAKATI. Anadina. Chithunzi chinali momwemo.

Mayi Zalakhumi anaimirira, mpando n'kugubuduka. Anavina kuchoka pa tebulo kukafika pakhomo, foni ili m'mwamba, kasitomala wa wometa akuomba m'manja ndi thovu kukhosi. Madzulo ake anafotokozera mwana wawo nkhani yonse kawiri, ulendo wachiwiri akujambula zigawozo kuseri kwa envelopu.

Loweruka mkamwini anabwerabe, anayang'ana zonse, sanapeze chokonza, ndipo anamwa tiyi mwaulemu akumvetsera mmene ntchitoyi imagwiridwira.

Lolemba mayi wa mankhwala anabwera ndi laputopu yake kuti amuonereko ngati nayenso ali ndi malo. Mayi anavala magalasi, anatsegula tsamba lija mosafunsa munthu, nayang'ana kamzere konse kuyambira kumanzere. Munalibe chakuda ngakhale pang'ono.

"Pepani, anzanga, kwanu kuno n'kodzaza," anatero akuitseka bwinobwino. "Koma mchemwali wanu uja ali ndi kompyuta, eti? Muwauze abwere nayo."