Ndinawotchetsa Nkhope ya Mwana wa Mlongo Wanga

Inu owerenga, ine ndinapereka alamu anga m'manja mwa anthu a chipani chifukwa cha mapepala anayi amene mwini wake sindimudziwa mpaka lero. Dzina langa sinditchula, manyazi ake sindingawathe, koma nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali.

Munali mu 1992, chaka cha chilala chija. Ndinali telala, makina anga ndinkatchera pakhonde la golosale ina ku Kawale. Pakamwa pokha Mulungu anandipatsa. Munthu akabwera kudzachepetsa thalauza ankachoka atamva za dziko lonse lapansi, afune asafune. Ndinkakonda anthu aziti telala uja ndi wozindikira.

Tsiku lina dalaivala wina wa mathiraki a ku Joni anandisiyira mapepala a fotokope, zilembo zake zofufutika. Ankanena kuti dziko lonse lili m'manja mwa anthu olemera ochepa amene saonekera, ndi iwo amaika ndi kuchotsa mapulezidenti, amatumiza matenda ndi chilala, ndipo chizindikiro chawo ndi diso limodzi. Ati antchito awo ali paliponse, ngakhale m'banja mwako momwe. Nditawerenga ndinakhulupirira zonse. Kuyambira tsikulo diso ndinkaliona pena paliponse, pachitini cha mafuta, pachitenje cha kasitomala. Makasitomala ena anatopa nane n'kusiya kubwera, ine n'kumati ehe, nawonso ndi omwewo.

Mlongo wanga anakwatiwa ku Biwi ndi a Mhango, munthu wa ku Rumphi, wofatsa, woimba kwaya kutchalitchi. Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera. Koma mwana wawo Tiyezge atamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zinayi, alamu anayamba kujambula zina pazidutswa za hadibodi ndi penti wotsala kuntchito. Abale inu, zithunzi zake zinali zoopsa. Anthu obiriwira nkhope, makosi ataliatali, kukamwa yasa, ataima pamzere ndi matumba opanda kanthu, kumwamba kuli psuu. Chimodzi chinali pamwamba pa kabati: nkhope yachikasu yopindika, diso limodzi lalikulu, lina kulibe.

Nditachiona ndinakumbukira diso la m'mapepala aja. Ndinakokera mlongo wanga kuseri kwa nyumba n'kumunong'oneza zonse. Iye anandiuza mosabisa kuti ameneyo ndi Tiyezge, mmene bambo ake anamuonera tsiku lomaliza kuchipatala, diso lina litatupa n'kutsekeka. Anati mwanayo sanamujambulitsepo kusitudiyo, ankangoti mawa mawa, ndiye chithunzi chake ndi chokhachi. Poyamba naye ankachiopa, koma tsopano ankachipukuta fumbi m'mawa uliwonse, chifukwa kayang'anidwe kaja kanali ka mwana wake ndithu.

Mukuganiza kuti ndinamva? Ndinangoti amupusitsa. Mapepala aja anali atachenjeza kale kuti anthu amenewa amakhala ndi bodza lokonzeratu pa chilichonse. Ndiye sabata yotsatira mzungu wina wa bungwe lachithandizo, amene alamu anamulemberapo chikwangwani, anaimika galimoto pakhomo pawo n'kugula chithunzi chimodzi cha anthu apamzere aja. Basi, kwa ine mlandu unathera pomwepo. Mzungu angagulirenji zinthu zonyansa chotero ngati si bwana wawo?

Ndinapita kwa atcheyamani a chipani a dera lawo. Ndinkadzinamiza kuti ndikupulumutsa mlongo wanga, koma kunena zoona ndinkafunanso anthu aone kuti zimene ndinkalalikira pakhonde paja sizinali misala. Atcheyamani za diso limodzi sanazilabadire n'komwe, mapepala anga anangowakankhira pambali. Anafunsa kwawo kwa a Mhango, ndinawauza. Anafunsa zimene zinali pazithunzi zinazo. Nditatchula za matumba opanda kanthu ndi za mzungu, anadzuka n'kuvala jekete.

Anafika kwa alamu Loweruka masana, azimayi akuchapa pampopi, ali ndi amuna asanu a malaya ofiira. Ine ndinaima patali kuseri kwa mpanda ngati sizikundikhudza. Anatulutsa zithunzi zonse n'kuziunjika pabwalo. Atcheyamani anauza anthu kuti zithunzizo ndi zoukira boma, zikuuza azungu kuti m'dziko muno muli njala pamene aliyense akudya n'kukhuta. Anati munthu wamutu wabwino sangajambule Amalawi ngati mizukwa. Wina anathira parafini. Mlongo wanga anagwada pansi atakumbatira chithunzi cha pakabati chija.

"Abambo, ichi chokha ndisiyireni, ndi mwana wanga."

Anamulanda. Ine ndinali pomwepo, mawu anga akanatha kumveka, koma munthu wapakamwa ine tsiku limenelo ndinangoti duu. Hadibodi sachedwa kupsa.

Alamu anawatenga tsiku lomwelo. Anatuluka m'ndende patatha miyezi isanu ndi iwiri, zala za dzanja lamanja zitapindika, osatha kugwira ngakhale supuni. Zimene anakaona kumeneko sananenepo kwa munthu. Ntchito ya zikwangwani inathera pomwepo, mlongo wanga n'kuyamba kugulitsa mandasi kudepoti. Amene anawaneneza anamudziwa msanga, atcheyamani eni ake ndi amene anaulula atakhuta mowa.

Zinthu zitasintha mu 1994 ndinalimba mtima n'kupita ku Biwi kukapepesa. Alamu anandipatsa mpando, anandifunsa za ana kunyumba, ulemu wawo womwe uja, ndipo unandiwawa kuposa akanandimenya. Pakona panali zidutswa za hadibodi zambirimbiri, chilichonse choyambidwa n'kusiyidwa panjira. Ankayesa ndi dzanja lamanzere. Ndinalankhula, ndinalankhula, za Satana, za nthawi zoipa, za dalaivala uja. Mlongo wanga anandileka mpaka ndinatheratu mawu, kenako anati:

"Achimwene, za dzanja tinazolowera. Koma nkhope ya Tiyezge yandithawa. Ndikatseka maso sibwera, kwa bambo akenso sibwera. Ndiye mundipepesa ndi chiyani?"

Ndinatsanzika n'kubwerera kwathu.

Inu owerenga, anthu olemera obisika aja ine sindinawaonepo, kaya alipo kaya kulibe, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti amene anaphwanya banja lija si iwo, ndine. Wina akakupatsani nkhani yopanda mwini yokuuzani kuti mdani ali m'nyumba mwanu, musathamange nayo, makamaka ikamakupangitsani kudzimva ochenjera kuposa anzanu. Chinthu chikakuopsani chifukwa simukuchimvetsa, funsani mwini wake, ndipo akakuyankhani mveni. Musatengere m'bale wanu kwa anthu amphamvu, chifukwa iwo ali ndi zawo zimene akufuna, ndipo mukawatsegulira chitseko simungawabwezenso.

Mlongo wanga tikakumana pamaliro amandipatsa moni ngati mlendo. Pakhomo panga sanapondeponso.