Moto Umene Tinazimitsa

Kuka yophikira yamagetsi tinaigula mwana wanga atangoyamba kukwawa. Ndine amene ndinaiumirira. Mbaula inkandisowetsa mtendere, ndinkangoona mwana atagwera pamakala. Choncho mwamuna wanga, asanapite kuntchito ku Nkaya, anapangana ndi bambo wina wokonza zamagetsi kuti adzailumikize m'nyumba imene tinkachita lendi ku Balaka.

Apongozi anga anali atabwera kuchokera ku Ntaja kudzaona mdzukulu. Kwawo kulibe magetsi. Tsiku limenelo nafenso anali atatizimira kuyambira m'mawa.

Bambo uja anafika pa kabaza, nayamba kukhoma waya wonenepa wotuwa kukhoma la kukhitchini. Bokosi la swichi yaikulu ya nyumba yonse linali kuchipinda kwathu kogona, kumene mwamuna wachilendo sangalowe. Ine ndinali kuseri kwa nyumba, ndikuchapa matewera pampopi. Ndinamva pambuyo pake kuti anaitana ali kukhitchiniko.

"Amayi, tazimitsani moto, ndikufuna kulumikiza!"

Ife a m'tauni magetsi timawatcha moto. Amene anamva anali apongozi. Anadzuka, nathira madzi pambaula imene inali pakhonde, nayankha kuti, "Tazimitsa, bambo." Bamboyo anakhudzitsa tesita yake yoyezera magetsi pawaya, siinayake, poti magetsi kunalibe. Analumikiza mbali imodzi ya waya kumagetsi a pakhoma, mbali inayo anaisenda, naisiya pansi.

Nditabwera ndi beseni ndinapeza mbaula ikudontha madzi akuda, nyemba zili zosapsa. Zinandidabwitsa, koma sindinafunse. Munthu wamkulu sumufunsa chifukwa chimene wazimitsira moto m'nyumba ya mwana wake.

Linali Lachisanu. Dzuwa litafika pamutu bambo uja anasamba m'manja.

"Ndikaswali kaye kumzikiti, madamu. Ndikabwera ndidzamalizitsa. Musaope, mawayawa ndi akufa."

Ndinabwerera kukayanika. Mwana ndinamusiya ndi agogo ake, amene anakhala pakhomo lolowera m'nyumba, miyendo atatambasula, akusankha mpunga m'lichero.

Ndili ndi kamalaya m'manja, ndinamva chigayo cha kutsidya kwa msewu chikuyamba kulira. Magetsi abwera. Sindinachite nazo kanthu mpaka nditaona pawindo kuti babu la pabalaza layaka. Ndinaliyang'ana babulo ngati wopusa. Swichi yaikulu ikanakhala yothimitsa, silikanayaka. Kenako ndinakumbukira mbaula yonyowa ija, ndipo ndinathamangira kukhomo.

"Amayi, mwana ali kuti?"

"Ali m'katimu, akusewera."

Ndinadumpha miyendo yawo. Kwathu zimenezo sachita, ngakhale kwa mnzako, nanji kwa apongozi. Lichero linagubuduka, mpunga mbwee pansi. Ndinamva akukuwa kuti, "Inu! Mwapenga kodi?"

Mwana anali atakhala pasimenti pafupi ndi kuka, waya uja ali m'manja. Anaugwira potuwa paja, pamene pali pulasitiki. Nsonga zosendasenda zinali kugwedera patsogolo pa nkhope yake, kawaya kofiira, kakuda, ndi kena kosavala kanthu. Masiku amenewo mano anali kumuyabwa, chilichonse chinkapita kukamwa.

Ndinaima pakhomo la khitchini. Ndili ndi satifiketi ya zophikaphika, ndipo kukoleji anatiphunzitsa zochita munthu akagwidwa ndi magetsi, koma m'mutu munalibe ngakhale liwu limodzi la zimenezo. Chimene ndinkadziwa ndi mwana wanga. Ukamuthamangira kuti umulande chinthu, amaseka, n'kuchiponya msanga m'kamwa. Ukakuwa, amachifumbata. Kuchipinda kunali kutali, ndipo maso anga sakanachoka pa iye.

Ndinagwada pomwepo. Ndinakweza bulauzi, ndi kutulutsa bere.

"Bwera, bambo. Bwera udzayamwe."

Mawu anatuluka ang'ono, ngati si anga. Anandiyang'ana, nayang'ana waya. Anaukweza pang'ono, dovu likutsika pachibwano. Ndinamva apongozi ataima kumbuyo kwanga, akupuma mwamphamvu.

"Bwera, mwana wanga. Nali."

Anauponya. Waya unagunda mwendo wa kuka, kunamveka kuti thwa, kunathetheka moto wobiriwira, ndipo babu la pabalaza linazima. Mwana anadzidzimuka, nayamba kulira, akukwawira kwa ine. Ndinamukoka ndi dzanja limodzi. Sindikumbukira mmene ndinafikira kuchipinda, koma ndikukumbuka nditatsitsa maswichi onse m'bokosimo, ndi okugwa kale omwe, mwana ali pabere.

Bambo uja atabwera anaona pamene panadetsedwa pamwendo wa kuka. Anavula chipewa, nakhala pansi pakhonde.

"Koma ndinafunsa, amayi. Ndinati zimitsani moto."

"Ndiye ndinazimitsa," anatero apongozi. "Nyemba zanga zija siziri apo? Inu mukanena moto mumati ndiziti chiyani?"

Palibe anaseka. Ndinayamba kupepesa za miyendo ija, koma anandidula.

"Iyayi, zisiyeni. Patseni mwanayo."

Anamubereka okha, namanga chitenje mfundo ziwiri, natuluka naye mpaka pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda. Anakana kulowa mpaka ntchito itatha. Ine ndinakhala kuchipinda, nditatsamira khoma pansi pa bokosi lija, dzanja lili pa swichi, ndikumva bambo uja akumanga masikuluwu kukhitchini.